Mmene mungawerengere liwiro la setilaiti pogwiritsa ntchito chingwe, manati ndi foni

Aliyense amene anaonapo amisiri akumangirira dishi ya wailesi ya kanema padenga ku Area 25, ku Kawale kapena ku Chilinde amadziwa kuti akangopeza mbali yoyenera amalimbitsa mabauti, ndipo dishiyo imakhala choloza pomwepo zaka ndi zaka, ngati kuti setilaiti imene ikuyang'anayo inakhomedwa ndi msomali kuthambo. Zoona zake n'zakuti setilaitiyo ikuthamanga makilomita 3 pa sekondi iliyonse, ndipo nthawi yonseyi ikugwera kudziko koma osafikako. Malangizo ali m'munsiwa akuthandizani kutsimikiza zimenezi nokha, kuyambira pa chingwe chimene mungazungulitse pabwalo la kwanu mpaka pa masamu a zombo zimene zili m'mlengalenga, ndipo angathandize makamaka ophunzira a Fomu 4 amene akukonzekera mayeso a fizikisi pamodzi ndi aphunzitsi awo.

Konzani chingwe cholimba koma chopyapyala chotalika mita imodzi ndi theka, chubu cha bolopeni yotha inki, manati 5 ofanana kukula amene mungagule m'sitolo ya zipangizo zomangira ku Old Town, kansalu, tepi yoyezera, ndowa yaing'ono ndiponso foni yokhala ndi wotchi yowerenga masekondi ndi kalikyuleta. Foni zambiri mukazigoneka cham'mbali, kalikyuleta yake imaonetsa mabatani owonjezera, ndipo mabatani a sikweya ruti ndi cube root ali m'gulu limenelo.

Choyamba: mvetsani kuti kukhota nako n'kusintha kwa kayendedwe

Ambiri akamva mawu akuti acceleration amangoganiza za kuwonjezera liwiro, koma pa fizikisi mawuwa amatanthauza kusintha kulikonse kwa kayendedwe ka chinthu, kaya chawonjezera liwiro, chachepetsa, kapena changosintha kumene chikulowera. Chinthu chilichonse chikasiyidwa chokha chimapitirira molunjika, kotero kuti chikhote payenera kukhala mphamvu yochikokera kumbali, ndipo kuti chizungulire mphamvuyo iyenera kuloza pakati pa njira yozungulirayo nthawi zonse. Kusintha kotereku ndi kumene akatswiri amakutcha centripetal acceleration, potengera mawu amene katswiri wa sayansi Isaac Newton anagwiritsa ntchito mu 1687, ndipo muno tizikutcha kukhotera pakati. Kukula kwake kumapezeka motere:

a = v² ÷ r

Apa v ndi liwiro m'mamita pa sekondi, r ndi rediyasi, kutanthauza mtunda wochokera pakati kufika pamene chinthucho chikudutsa, m'mamita, ndipo yankho limatuluka mu m/s².

Tengani chitsanzo cha minibasi imene ikuzungulira raundabauti ya rediyasi ya mamita 20 pa liwiro la makilomita 30 pa ola. Gawani 30 ndi 3.6 kuti mupeze mamita 8.33 pa sekondi, chulukitsani 8.33 ndi 8.33, kenako gawani ndi 20, ndipo mupeza pafupifupi 3.5 m/s². Dalaivala akafika pa makilomita 60 pa ola, yankho limakula kanayi n'kufika pa 13.9 m/s², zimene matayala sangazipirire pa phula wamba. Poti magalimoto kuno amazungulira raundabauti mokhotera kumanja, okwera amadzimva akukankhidwira kumanzere kumene kuli chitseko ndi kondakitala, koma palibe chimene chikuwakankhira kunja. Matupi awo akungofuna kupitirira molunjika, ndipo mpando ndi khoma la minibasi ndi zimene zikuwabwezera mkati. Mfundo imeneyi igwiritsitseni, chifukwa kusokonezeka konse pa nkhani ya zombo za m'mlengalenga kumayambira pamenepa.

Chachiwiri: yesani ndi manja anu

Lowetsani chingwe m'chubu cha bolopeni, ndipo ngati kukamwa kwa chubucho kuli kwakuthwa, kupaleni kaye kuti chingwe chizitsetsereka bwino. Kunsonga ya pamwamba mangani nati imodzi yokutidwa ndi kansalu kopepuka, kunsonga ya pansi mangani manati 4 otsalawo. Yezani masentimita 60 kuchokera pakamwa pa chubu kufika pakati pa nati ya pamwamba, ndipo ikani chizindikiro cha inki pachingwe m'munsi pang'ono mwa chubu kuti muzidziwa ngati utaliwo wasintha. Imani pamtetete kutali ndi mawindo ndi ana, gwirani chubu chokha osakhudza chingwe, ndipo zungulitsani nati pamwamba pa mutu monga amachitira woponya gulaye, mpaka chizindikiro chija chitakhazikika pamalo amodzi. Mnzanu ayambitse wotchi n'kuwerenga maulendo 20.

Ngati zonse zili bwino, maulendo 20 atenga masekondi pafupifupi 15.5, kutanthauza kuti ulendo umodzi, umene timaulemba T, ndi masekondi 0.78. Mtunda wa ulendo umodzi ndi 2 × 3.14 × 0.6, omwe ndi mamita 3.77, ndipo mukaugawa ndi 0.78 mupeza liwiro la mamita 4.83 pa sekondi. Tsopano ikani m'lamulo lija: 4.83 kuchulukitsa ndi 4.83, kugawa ndi 0.6, zikupatsani pafupifupi 39 m/s². Yerekezani ndi zimene zikukoka chingwe kunsi. Dziko limakoka chinthu chilichonse chakugwa ndi 9.8 m/s², ndipo poti manati 4 akukoka nati imodzi, tiyembekezere 4 × 9.8, omwe ndi 39.2. Manambala awiriwa akugwirizana, ndipo kugwirizana kwakeko ndiye umboni wa lamuloli.

Musadandaule mukapeza 35 kapena 43, chifukwa chingwe chimakhula pakamwa pa chubu, kansalu kali ndi kulemera kwake, ndiponso dzanja silikhala chilili. Bwerezani katatu n'kutenga nambala ya pakati. Mukatero, yesani zinthu ziwiri zimene zimaphunzitsa kuposa masamu: onjezerani liwiro muone manati a pansi akukwera, ndipo chepetsani liwiro muwaone akutsika n'kukokera nati ya pamwamba mkati. Pa rediyasi iliyonse pali liwiro limodzi lokha limene limasunga natiyo m'njira yake, ndipo setilaiti nayo imamvera lamulo lomweli, kungoti m'malo mwa chingwe pali mphamvu yokoka ya dziko.

Za ndowa sizifuna mawu ambiri. Thirani madzi pang'ono, izungulitseni mokweza ndi kutsitsa mkono wonse, ndipo ngati mtunda wochokera paphewa kufika pa madzi uli pafupifupi mita imodzi, madziwo satayika malinga ulendo umodzi usapitirire masekondi 2. Ndowa ikakhala pamwamba chozondoka madzi amagwa ndithu, koma ndowayo imakhotera pansi mofulumira kuposa mmene madziwo akugwera.

Chachitatu: pezani rediyasi yeniyeni ya chombo

Tiyambe ndi International Space Station, chombo chachikulu chimene anthu akhala akukhalamo mosalekeza kuyambira November 2000, chomwe chimayenda pa mtunda wa makilomita pafupifupi 400 kuchokera pansi. Mtunda umenewu si wautali monga ambiri amaganizira, pakuti umangoposa pang'ono ulendo wa pamsewu wochokera ku Lilongwe kupita ku Mzuzu.

Apa ndi pamene ndaona ophunzira ambiri akutaya malikisi, ngakhale amene lamulo analiloweza bwino. Amatenga 400 ngati rediyasi, kuiwala kuti chombocho sichikuzungulira nthaka ya pansi pake koma pakati penipeni pa dziko. Rediyasi ya dziko ndi makilomita pafupifupi 6,371, choncho rediyasi ya njira ya chombo ndi 6,371 kuphatikiza 400, omwe ndi makilomita 6,771. Sinthani nthawi yomweyo kukhala mamita 6,771,000, chifukwa kusakaniza makilomita ndi mamita ndi vuto lachiwiri limene limawononga yankho.

Chachinayi: pezani mphamvu yokoka pamtunda umenewo

Mphamvu yokoka ya dziko imachepa mukamatalikira, ndipo imachepa molingana ndi sikweya ya mtunda wochokera pakati pa dziko, moti mukatalikira kawiri imachepa kanayi, mukatalikira katatu imachepa ka 9. Gawani 6,371 ndi 6,771 kuti mupeze 0.941, chulukitsani nambalayi ndi iyo yomwe kuti mupeze 0.885, kenako chulukitsani ndi 9.8. Yankho ndi 8.68 m/s².

Imani kaye pa nambala imeneyi, chifukwa ikutsutsa zimene ambiri timakhulupirira tikaona zithunzi za anthu akuyandama m'chombo. Pamalo pamene iwo ali, dziko likuwakoka ndi mphamvu yokwana pafupifupi 89 pa 100 iliyonse ya imene ikukukokani inu muli pampando. Kukanakhala nsanja yotalika makilomita 400, munthu wolemera makilogalamu 70 ataima pa sikelo pamwamba pake, sikeloyo ikanaonetsa pafupifupi 62. Chimene chimawachititsa kuyandama n'chakuti iwo, chombo chawo, sikelo ndi madzi akumwa, zonse zikugwa pamodzi mofanana, kotero palibe chimene chikutsamira chinzake. Kulemera kumene timakumva tsiku ndi tsiku kwenikweni ndi nthaka imene ikutitchinga kuti tisagwe, ndipo chotchingacho chikachoka kumvako kumathanso.

Chachisanu: werengerani liwiro ndi nthawi ya ulendo umodzi

Poti m'mlengalenga mulibe chingwe kapena matayala, kukhotera pakati konse kukuchokera ku mphamvu yokoka, choncho a ndi 8.68. Tembenuzani lamulo lija kuti likhale v² = a × r. Chulukitsani 8.68 ndi 6,771,000, mupeza 58,772,280, ndipo sikweya ruti yake ndi mamita pafupifupi 7,666 pa sekondi. Mukachulukitsa ndi 3.6 mupeza makilomita pafupifupi 27,600 pa ola, liwiro loti mtunda wa makilomita oposa 300 wa pamsewu wa Lilongwe ndi Blantyre chombocho chingaumalize m'masekondi pafupifupi 40. Amene analakwitsa n'kugwiritsa ntchito 400 ngati rediyasi apeza mamita 1,863 pa sekondi, ndipo chombo choyenda motero sichingachedwe kugwa.

Nthawi ya ulendo umodzi ipezeni monga munachitira ndi nati: 2 × 3.1416 × 6,771,000, kugawa ndi 7,666. Zikupatsani masekondi pafupifupi 5,550, omwe ndi mphindi 92.5, kutanthauza maulendo pakati pa 15 ndi 16 pa tsiku. Onani kuti kulemera kwa chombo sikunalowe pena paliponse m'masamuwa, kotero sipanala imene yapulumuka m'manja mwa katswiri wokonza kunja kwa chombo imayenda pambali pake pa liwiro lomwelo.

Kuti mawu akuti chikugwa koma osafika asakhale ongolankhula, yesani motere. Chinthu chakugwa ndi 8.68 m/s² chimatsika theka la nambala imeneyi m'sekondi yoyamba, omwe ndi mamita 4.3. M'sekondi yomweyo chombo chapita chamtsogolo mamita 7,666, ndipo pa mtunda umenewu njira yozungulira dziko imakhala itapindikira pansi ndi mamita 4.3 omwewo. Chombo chagwa ndithu, koma dziko nalo lapindika mofanana, moti mtunda wa pakati pawo sunasinthe. N'chifukwa chake ntchito yaikulu ya roketi si kukwera m'mwamba ayi, koma kupatsa chombo liwiro lopita cham'mbali, ndipo roketi imayamba kupendekeka ikangonyamuka kumene.

Dziyeseni nokha ndi masetilaiti a intaneti a Starlink, omwe ambiri oyambirira anaikidwa pa makilomita pafupifupi 550. Mukatsatira njira yomweyi muyenera kupeza 8.3 m/s², liwiro la mamita pafupifupi 7,580 pa sekondi ndi ulendo wa mphindi pakati pa 95 ndi 96. Chodabwitsa n'chakuti setilaiti ya pamwamba imayenda pang'onopang'ono kuposa ya m'munsi, chifukwa kumene ili mphamvu yoikhotetsa ndi yochepa.

Chachisanu ndi chimodzi: bwererani ku dishi ya padenga

Tsopano funso litembenuke. M'malo mofunsa nthawi ya ulendo pa mtunda wodziwika, tifunse mtunda umene setilaiti ingamalize ulendo wake m'nthawi yofanana ndi imene dziko limazungulira kamodzi. Nthawi imeneyi si maola 24 enieni koma maola 23, mphindi 56 ndi masekondi 4, omwe ndi masekondi 86,164, chifukwa mphindi 4 zotsalazo ndi zimene dziko limawonjezera kuti liyang'anenso dzuwa litasuntha m'njira yake ya chaka. Lamulo lake ndi ili:

r³ = (3.986 × 10¹⁴ × T²) ÷ 39.48

Nambala yoyambayo imaimira mphamvu yokoka ya dziko lathu, ndipo 39.48 ndi 4 kuchulukitsa ndi sikweya ya 3.1416. Chulukitsani 86,164 ndi iyo yomwe, chulukitsani yankho ndi 3.986 × 10¹⁴, gawani ndi 39.48, ndipo mupeza pafupifupi 7.496 × 10²². Dinani batani la cube root ndipo mutuluka mamita pafupifupi 42,164,000. Chotsanipo rediyasi ya dziko pa ikweta, yomwe ndi makilomita 6,378, ndipo mutsala ndi makilomita 35,786. Pamtunda umenewu liwiro ndi makilomita 3.07 pa sekondi, ndipo kukhotera pakati ndi 0.22 m/s² chabe.

Setilaiti yotere iyenera kukhala pamwamba pa ikweta n'kumalowera kum'mawa monga dziko, apo ayi izioneka ikusunthasuntha kumpoto ndi kummwera tsiku lililonse. Poti Lilongwe ili pa madigiri pafupifupi 14 kummwera kwa ikweta, masetilaiti onsewa kuno amapezeka mbali ya kumpoto ya thambo, ena mopendekera kum'mawa ena kumadzulo, ndipo mukayenda m'dera lanu n'kuyang'ana madenga simupeza dishi yotere yoloza kummwera.

Mwezi nawo ungayesedwe ndi lamulo lina lochokera pa loyamba lija, loti a = 39.48 × r ÷ T². Uli pa makilomita pafupifupi 384,400 ndipo umazungulira dziko m'masiku 27.3, omwe ndi masekondi 2,358,720, choncho a ndi 0.0027 m/s². Mtunda wa mwezi ndi wautali ka 60 kuposa rediyasi ya dziko, 60 kuchulukitsa ndi 60 ndi 3,600, ndipo 9.8 kugawa ndi 3,600 ndi 0.0027 yemweyo. Kuyerekeza kotereku ndi kumene kunalimbitsa Newton mtima kuti mphamvu yogwetsa chipatso mumtengo ndi yomwe ikugwiranso mwezi.

Chachisanu ndi chiwiri: werengerani kulemera kochita kupanga

Anthu akakhala miyezi yambiri akuyandama, mafupa ndi minofu yawo zimafooka, ndipo njira imodzi imene akatswiri akhala akuiganizira ndi kumanga chombo chooneka ngati gudumu chimene chizizungulira, kuti khoma lake lizikankhira anthu mkati monga ndowa ija inkachitira ndi madzi. Kuti mupeze kukula kwa gudumulo, gwiritsani ntchito r = 9.8 × T² ÷ 39.48. Likamazungulira kawiri pa mphindi, T ndi masekondi 30 ndipo rediyasi ndi mamita 223, pamene likamazungulira kanayi pa mphindi rediyasi imatsika kufika pa mamita 56.

Wina angafunse chifukwa chosangomanga kagudumu kakang'ono n'kumakazungulitsa mofulumira. Yesani rediyasi ya mamita 4: ulendo umodzi uyenera kutenga masekondi 4, kutanthauza maulendo 15 pa mphindi, ndipo munthu wotalika mamita 1.7 ataima m'menemo mutu wake ukhala pa mamita 2.3 okha kuchokera pakati, moti mapazi amva kulemera konse pamene mutu ukumva kopitirira theka pang'ono. Onjezanipo chizungulire chimene chimabwera munthu akatembenuza mutu m'chipinda chozungulira mofulumira, ndipo muona chifukwa chake mapulani oterewa amafuna zombo zikuluzikulu zodula. Mu September 1966, oyenda m'mlengalenga a ku America, Pete Conrad ndi Richard Gordon, analumikiza chombo chawo cha Gemini 11 ku roketi ya Agena ndi chingwe cha mamita 30 n'kuzungulitsa ziwirizo pang'onopang'ono, ndipo kulemera kumene anapanga kunali kochepetsetsa.

Chomaliza: tulukani panja mukachione

Njira ya International Space Station ndi yopendekeka madigiri 51.6 poyerekeza ndi ikweta, choncho chombochi chimadutsa pamwamba pa Malawi. Funafunani nthawi yake pa pulogalamu ya pafoni ya Spot the Station ya NASA, bungwe la ku America la za m'mlengalenga, polemba Lilongwe ngati malo anu, ndipo sankhani madzulo dzuwa litangolowa kapena m'bandakucha, pamene pansi pali mdima koma chombocho chikuwalidwabe ndi dzuwa. Miyezi yopanda mvula ndi yabwino, makamaka utsi wa moto wolusa ndi fumbi zisanachuluke. Chimaoneka ngati nyenyezi yowala kwambiri yoyenda mosaphethira ndiponso mopanda phokoso, ndipo chimatenga mphindi zochepa, kawirikawiri zosapitirira 6, kudutsa thambo.

Mukachiona musayembekezere kuti pakatha mphindi 92.5 chidutsanso pamalo omwewo, chifukwa inu nanunso mukuzungulira. Lilongwe ili pa makilomita pafupifupi 6,180 kuchokera pa mzere umene dziko limazungulirapo, ndipo mukachulukitsa mtundawu ndi 2 × 3.1416 n'kugawa ndi masekondi 86,164, mupeza kuti mzinda wonse ukuthamangira kum'mawa pa mamita pafupifupi 450 pa sekondi, ndi kukhotera pakati kwa 0.033 m/s² kokha, komwe thupi silingakumve. Liwiro laulere limeneli ndi limene limachititsa kuti maroketi ambiri azinyamukira kum'mawa, ndiponso kuti malo oyandikira ikweta monga Kourou ku French Guiana akhale abwino kunyamulirako. Chulukitsani 450 ndi masekondi 5,550 a ulendo umodzi wa chombo, ndipo mupeza kuti pamene chikubwerera, bwalo limene munaimapo lija lasunthira kum'mawa makilomita pafupifupi 2,500, moti ulendo wotsatirawo chidutsa kutali chakumadzulo kwanu.